Dongo la ming'alu ndi ziguduli za Alberto Burri: tikulakwitsa pati?

Aphunzitsi a ku Kapata

Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Kalabu ya zaluso ya ana a Giredi 10 ndi 11 ikufuna kupanga zithunzi ziwiri motsata njira za Alberto Burri, mmisiri wa ku Italy uja wa matumba ong'ambika ndi dothi long'aluka. China chikhale cha dongo la ming'alu, china cha ziguduli zosoka.

Cha dongo ndiye chatikanika. Dongolo ndi lakuda la kudambo, losakaniza ndi guluu woyera wa akalipentala ndi madzi, lopaka pa plywood ya mamilimita 4, yaikulu masentimita 60 mbali zonse. Kuliyanika padzuwa m'mawa, pofika madzulo thabwa lapindika ngati lichero, zidutswa za dongo zatukula m'mphepete, ndipo kungogogoda kumbuyo zikuyoyoka. Ulendo wachiwiri guluu anachulutsidwa, ndiye silinang'aluke n'komwe, langouma ngati chikopa chonyezimira.

Muyezo wake weniweni ndi wotani? Kodi mwiniwakeyo ankangopaka n'kusiya kuti dothi lizing'alukira momwe lafunira? Nanga matumba a pulasitiki a chimanga aja angalowe m'malo mwa chiguduli, poti ndiwo ali mbwee? Komanso ana akufunsa kuti munthuyu anali ndani ndipo n'chifukwa chiyani thumba lakutha likupachikidwa m'nyumba zosungiramo zaluso. Odziwa atiuzeko.

aTembo, Katete

Aphunzitsi, tiyambe ndi chimene chimabweretsa mng'alu, chifukwa mukachigwira chimenecho miyezo muzidzipezera nokha. Dongo likamataya madzi limakhwinyata. Pansi pake lagwidwa ndi thabwa, silingasunthe, koma pamwamba likudzikoka, ndiye limang'ambika kuti lipume. Guluu akachepa, dongo limapambana n'kudzichotsa pathabwa. Guluu akachuluka, chisakanizocho chimatamuka ngati labala ndipo sichiona chifukwa chong'ambikira. Inu mwakumana nazo zonse ziwiri, kumapeto uku ndi uko. Malo abwino ali pakati, ndipo pakatipo ndi popapatiza.

Dongo lakuda la kudambo ndi makande, ndipo makande amakhwinyata kwambiri kuposa madongo ena ambiri. N'chifukwa chake dambo likauma mu Okutobala mumatha kulowetsa dzanja mumng'alu. Pathabwa mphamvu imeneyo ndiyo ikupinda plywood yanu ndi kutukula zidutswa ngati mapale. Burri ankagwiritsa ntchito kaolin, dongo loyera lija losakhwinyata kwambiri, pamodzi ndi utoto woyera wa zinc ndi guluu wotchedwa Vinavil, yemwe ndi mtundu womwewo wa guluu woyera wa matabwa. Ngati kuli komwe mungapeze mtsiro woyera umene amayi amazirira nyumba, tengani umenewo. Katondo wa pachulu nayenso amamvera bwino. Mukaumirira makande, muwafewetse mtima: makapu awiri a makande, kapu imodzi ya mchenga wosalala wosefa.

Dothilo liume kaye gwaa padzuwa, mulisinje mumtondo, mulisefe ndi sefa ya ufa. Timizu ndi tizinyalala tikatsalamo timabweretsa chuku mvula ikayamba, ndipo timiyala timayambitsa ming'alu pamalo amene simunafune. Mukasefa, thirani madzi pang'ono kuti lingonyowa lonse, muvindikire, ligone usiku umodzi. Guluu alowe m'mawa mwake. Mukathira guluu pa dothi louma amapanga zibuluma zomwe sizisungunukanso ngakhale mutatakasa mpaka mkono kuwawa.

Poyambira yesani makapu anayi a dothi losefa, kapu imodzi ya guluu, ndi madzi pafupifupi kapu imodzi ndi theka, kuwerengera ndi aja munanyowetsera. Likhale lolimba ngati nsima yomwe yangotsala pang'ono kupsa: mukaimika supuni isagwe msanga. Likakhala ngati phala la mwana, dothi limamira pansi, guluu n'kuyandama pamwamba, ndipo ndi pomwe pamachokera chikopa chonyezimira chija. Koma dothi la ku Katete si la ku Chipata, ndiye musakhulupirire muyezo wangawu musanauyese. Dulani timatabwa titatu ta masentimita 15, pa kena muike dothi ndi guluu pa muyezo wa 6 kwa 1, pa kena 4 kwa 1, pa kena 3 kwa 1, mulembe kumbuyo ndi pensulo, mudikire masiku atatu. Kamene kang'aluka bwino koma chidutswa chake osachoka mukachikanda ndi chikhadabo, ndiko kakuuzani muyezo wa dothi lanu.

Tsopano thabwa. Plywood ya mamilimita 4 iiwaleni. Pa masentimita 60 mbali zonse, dongo lokhuthala sentimita imodzi ndi malita 3.6, ndipo lili lonyowa limalemera makilogalamu ngati asanu ndi limodzi. Pamafunika plywood ya mamilimita 12, kapena ya 9 yokhomera timatabwa ta masentimita 5 kwa 2.5 kuzungulira kumbuyo ndi kena kodutsa pakati. Pakani guluu wosungunula, kapu imodzi ya guluu makapu atatu a madzi, kutsogolo, kumbuyo ndi m'mbali momwe. Ambiri amapaka kutsogolo kokha, ndiye mbali imodzi imamwa chinyezi ina ili youma, thabwa n'kupindika. Zikauma, pakaninso kutsogolo guluu wosasungunula, muwaze mchenga wa kumtsinje akadali wonyowa, muusiye uume, otsala muukutumule. Mchenga umenewo ndiwo mano amene dongo lidzagwirepo.

Kukula kwa zidutswa kumatsata kukhuthala. Mukapaka mamilimita atatu mupeza ming'alu ing'onoing'ono yothinana ngati pa chigoba cha dzira lophwanyika. Mukafika sentimita imodzi kapena imodzi ndi theka, zidutswa zimakula ngati chikhatho cha mwana ndipo ming'alu imazama. Apa ndiye pali poseweretsa: pa thabwa limodzi mutha kupaka mokhuthala kumunsi n'kumapyapyalitsa pokwera, ndipo chithunzicho chidzakhala ndi kolemera ndi kopepuka. Khomani timatabwa tosakhalitsa m'mbali tokwera mofanana ndi kukhuthala komwe mukufuna, muyendetse thabwa lowongoka pamwamba pake monga amachitira omanga posalaza simenti. Ngati mukufuna mng'alu waukulu udutse pamalo akutiakuti, dikirani dongo liyambe kugwirana, mulembe mzere wosazama ndi nsonga ya mpeni. Mng'alu umakonda kuyambira pofooka.

Dzuwa lisaone ntchitoyi tsiku loyamba. Thabwa ligone chagada, pamthunzi, podutsa kamphepo, lokwezedwa pa njerwa kuti mpweya uzidutsa pansi. Dzuwa la kuno mu Seputembala ndi Okutobala limaumitsa pamwamba m'maola awiri mkati muli chinyezi, ndiye khungu la pamwambalo limapiringizika n'kutukuka. Tsiku lachiwiri, timing'alu tikayamba kuoneka ngati tsitsi, mutha kulitulutsa dzuwa la m'mawa ola limodzi kapena awiri kuti titseguke. La sentimita imodzi lipatseni masiku asanu mpaka sabata musanaliimike. Poyesa, gwirani kumbuyo kwa thabwa ndi chikhatho: kukamazizira, madzi akadalimo.

Pomaliza sungunulani guluu mmodzi m'madzi asanu, mulowetse ndi burashi yofewa m'ming'alu monse kuti alowe pansi pa zidutswa, kawiri, kusiya tsiku pakati. Musadutse pamenepo, chifukwa ulendo wachitatu dongo limayamba kuwala ngati lapakidwa vanishi ndipo maonekedwe a dothi amathawa. Januwale ndi Febuluwale si miyezi ya ntchito imeneyi. Guluu ameneyu akamva chinyontho amafewa n'kuyera mbuu.

aJere, Mtenguleni

ATembo atha za dothi. Ine ndiyankhe la ana, ndi lija lakuti kodi ankangosiya zizichitika zokha, chifukwa mafunso awiriwa ndi limodzi.

Alberto Burri anabadwa mu 1915 ku Città di Castello, tauni ya m'chigawo cha Umbria. Sanapite kusukulu ya zojambula. Anaphunzira udokotala ku Perugia, n'kumaliza mu 1940, ndipo nkhondo yachiwiri ya dziko lonse inamutenga ngati dokotala wa asilikali. Mu 1943 anagwidwa ku Tunisia, n'kutumizidwa kumsasa wa akaidi a nkhondo ku Hereford, m'chigawo cha Texas ku America. Kumeneko ndiko anayamba kujambula. Atabwerera kwawo mu 1946 anausiya udokotala, nakakhala ku Rome, ndipo chionetsero chake choyamba chinachitika mu 1947 pa Galleria La Margherita.

Zimene anagwiritsa ntchito zinkasintha pakapita zaka, ndipo ntchito zake zimadziwika ndi dzina la chinthucho m'Chitaliyana. Poyamba panali phula, Catrami. Mu 1949 anapanga SZ1, momwe muli chidutswa cha thumba la shuga lokhala ndi zolemba za ku America, la nthawi ija Italy ankalandira chithandizo cha chakudya nkhondo itatha. Kuchokera apo kunabwera Sacchi, matumba aja, amene anamutchukitsa m'zaka za m'ma 1950. Kenako moto, Combustioni, pa mapepala ndi timatabwa topyapyala. Kenako malata owotcherera, Ferri. M'ma 1960 pulasitiki yosungunula ndi lawi. Ndipo m'ma 1970 ndipo panabwera Cretti, dongo la ming'alu limene mukulimbana naloli. Ankakhala miyezi yozizira ku Los Angeles ndi mkazi wake Minsa Craig, katswiri wovina wa ku America, ndipo nthaka yong'aluka ya ku Death Valley anaiona ndi kuijambula ndi kamera. Munthu wa kuno safunika ulendo wotero, dambo lililonse la ku Luangwa likumuonetsa zomwezo chaka ndi chaka.

Kwawo sanamulandire msanga. Mu 1959 Grande Sacco, imodzi mwa ntchito zake za matumba, itaonetsedwa ku Galleria Nazionale d'Arte Moderna, nyumba ya boma yosungiramo zaluso ku Rome, yomwe inkatsogoleredwa ndi Palma Bucarelli, nkhaniyo inafika mpaka kunyumba ya malamulo, aphungu akufunsa kuti chiguduli chakutha chikufunanji m'nyumba ya boma. Ndiye ana anuwo funso lawo si lachibwana, akuluakulu a dziko analifunsa kale. Koma ku America anamuona msanga: mu 1953 ntchito yake inali kale m'chionetsero cha ku Guggenheim ku New York, ndipo chaka chomwecho mmisiri wa ku America Robert Rauschenberg anafika pamalo ake ogwirira ntchito ku Rome.

Anthu ambiri amawerenga matumbawo ngati mabala: dokotala wa kunkhondo, kusoka, utoto wofiira wotuluka pabowo ngati magazi. Mwiniwake ankakana kumasulira kotero, ndipo sankakonda kulongosola ntchito zake ndi mawu. Ine ndimaona kuti kukanako sikufafaniza zimene maso akuona, koma kuli ndi phunziro kwa wophunzira. Tengani chithunzi cha Sacco iliyonse, muphimbe m'maganizo kuti ndi thumba, muone mizere yokha. Mupeza kuti msoko uliwonse ukugawa malo mwadala, chigamba chakuda chili pomwe chikufunika kulemera, bowo lili pomwe diso liyenera kupumira. Chimene chimapachikidwa pakhomapo ndi kayalidwe kameneko. Thumba lokha popanda kayalidwe ndi thumba basi, ndipo apa ndi pomwe otsanzira ambiri amagwera: amaunjika zakutha n'kuyembekeza kuti kutha kwakeko kuyankhule.

Ndi dongo chimodzimodzi. Sankatha kulamula mng'alu uliwonse, koma ankalamula kukhuthala, kuchuluka kwa guluu ndi kaumidwe, ndiye ankadziwa kuti apa patuluka zidutswa zazikulu, apo zazing'ono. Zambiri ankazipanga pa Celotex, thabwa lofewa la ulusi wa zomera lofanana ndi lija timakhomera kudenga kapena kupanga bolodi ya zidziwitso. Pambuyo pake Celotex yomweyo anaisandutsa chithunzi pachokha, kumaisenda khungu ndi kuipaka mwina ndi mwina.

Cretto yaikulu koposa si ya pakhoma. Mu Januwale 1968 chivomezi chinagwetsa tauni ya Gibellina ku Sicily, ndipo tauni yatsopano inamangidwa kwina. Meya wake Ludovico Corrao ataitana amisiri kuti akongoletse tauni yatsopanoyo, Burri anasankha bwinja. Zogumuka anaziunjika m'magawo, n'kuzikuta ndi simenti yoyera, magawowo okwera pafupifupi mita imodzi ndi theka, ndipo pakati pake anasiya ming'alu yotakata mamita awiri kapena atatu yoti munthu n'kuyendamo ngati m'misewu ya kale. Ntchitoyo inayamba pakati pa zaka za m'ma 1980, inaima mu 1989 ndalama zitatha, ndipo inamalizidwa mu 2015, patatha zaka 100 chibadwire iye ndi zaka 20 chimwalirire, poti anamwalira mu 1995 ku Nice. Malo ake ndi mahekitala pafupifupi 8. Auzeni ana ayerekeze munda wa maekala 20 wothiridwa simenti phiri lonse.

China chimene anthu a chigawo cha fodya chino angachimve bwino: gawo lalikulu la ntchito zake likusungidwa kwawo ku Città di Castello m'zigafa zakale zoumitsiramo fodya, Ex Seccatoi del Tabacco, zomwe zinatsegulidwa kwa anthu mu 1990. Zina zili ku Palazzo Albizzini m'tauni yomweyo. Amisiri a gulu la ku Italy la Arte Povera, opanga zaluso ndi zinthu wamba, lomwe wolemba za zaluso Germano Celant analipatsa dzina mu 1967, anadutsa pa njira imene Burri analambula, ngakhale iye sanali wa gululo. Ndipo ngati mukufuna wa ku Africa kuno woti ana amuyerekeze naye, aoneni Ibrahim Mahama wa ku Ghana, amene mu 2015 anakuta makoma ku Venice ndi ziguduli zosokedwa pamodzi zomwe zinanyamulapo koko ndi makala. Kwa Mahama zolemba ndi mbiri ya thumba ndiyo nkhani yeniyeni. Kwa Burri thumba ndi utoto ndi mzere. Ana akasiyanitsa awiriwa ndiye kuti phunziro lalowa.

Mayi Nabanda, Chadiza

Aphunzitsi, la matumba a pulasitiki yankho ndi ayi, ngati mukufuna kumata kapena kupaka. Ulusi wake ndi woterera, guluu woyera sagwirapo, amangosendeka akauma, ndipo penti naye amatero. Komanso thumba limenelo likaona dzuwa miyezi ingapo limafumbutuka ngati ufa, aliyense amene anasiyapo thumba la feteleza panja akudziwa. Lingagwire ntchito ngati kachigamba kosokerera kamodzi, makamaka kokhala ndi zilembo, koma lisakhale thupi la chithunzi.

Chiguduli funani kwa alimi a fodya, zotsala pomanga mabelo, kapena kwa ogulitsa mtedza ndi mbatata pamsika. Musatenge za mtundu umodzi. Chatsopano ndi chotuwa mowala, chakale ndi chakuda bii, china choluka mothina, china chotayana. Kusiyana kumeneko ndiwo utoto wanu, ndipo chigamba chimene mlimi anasoka kale ndi manja ake musachisule, n'chamtengo kuposa chomwe mungasoke inu. Thumba limene munali chimanga chothira mankhwala a anankafumbwe ana asaligwire lisanachapidwe.

Kuchapa kwake: likutumuleni panja, mulinyike m'madzi ozizira a sopo pang'ono theka la ola, mulitsukuluze kawiri osalifinya mopotokola, muliyanike pamthunzi litatambasuka. Chiguduli chimabwerera chikanyowa, ndiye chapani musanadule. Mukadula kaye, zidutswa sizidzakumananso pomwe munayeza. Liume kwenikweni, masiku awiri kapena atatu. Likalowa pa felemu lili ndi kachinyezi, pakatha sabata mumva fungo la chuku.

Chiguduli chakutha sichinganyamule kukoka chokha, chimafuna nsalu ya kumbuyo. Pangani felemu ya timatabwa ta masentimita 5 kwa 2.5, ndipo ikapitirira masentimita 80 muike kena pakati. Kokanipo nsalu yolimba ya thonje, kuyambira pakati pa mbali iliyonse kupita kumakona, mbali zoyang'anana motsatizana, osati kuzungulira. Ipakeni guluu wosungunula m'madzi anayi, iume, kenako penti yakuda kapena yofiira pamalo pomwe mabowo a chiguduli adzagwere. Mtundu umene umaoneka kudzera pabowo uyenera kukhala pansi kale; mukaupaka pambuyo pake ndi burashi umadetsa milomo ya bowo ndipo chinyengocho chimaonekera patali.

Musafulumire kusoka. Yalani zidutswa pansi, muzisuntha, mukwere pampando muone kuchokera pamwamba. Ngati foni ilipo jambulani kayalidwe kalikonse, muyerekeze. AJere anena zoona kuti ntchito yagona pamenepa. Mukakhutira, gwirizitsani ndi mapini, musoke zidutswazo zokhazokha ndi singano yaikulu yosokera matumba. Ulusi ukhale wa mitundu iwiri: chingwe cha khonje kapena cha chiguduli chomwecho pa misoko yomwe mukufuna ioneke, ndi ulusi wolimba wa thonje pa yobisika. Singano ilowe masentimita awiri kuchokera m'mphepete. Mukalowetsa pafupi ndi mlomo, ulusi wa chiguduli umasololoka umodziumodzi mukangoyamba kukoka. Pamene mukufuna pakwinyike, kokani msoko mwamphamvu. Pamene mukufuna bowo liyasame, sokani mizere yotalikirana yodumpha bowolo ngati zingwe za bangwe.

Kenako chigudulicho chikwere pa nsalu ija. Chikokeni pang'ono chabe, chongochotsa kulendewera, muchikhomere kumbuyo kwa felemu, ndipo mkati muchigwirizitse ku nsalu ndi timisoko tobisika motalikirana chikhatho chimodzi. Guluu akhale wa apo ndi apo, pansi pa zigamba zokha. Mukapaka ponseponse amatulukira m'maso a chiguduli, n'kuuma ngati mamina a nkhono, ndipo sachoka. Misomali ndi mawaya wamba amachita dzimbiri nthawi ya mvula ndipo dzimbirilo limadya ulusi. Pezani zokutidwa zosachita dzimbiri, apo ayi pakani mitu yake kapenti.

Penti ya mafuta isakhudze chiguduli chosatetezedwa. Mafuta amalowa mu ulusi, amasiya bwalo lakuda kuzungulira, ndipo pakapita zaka pamalopo pamaphwanyika. Ya madzi ilibe vuto. Popachika, khomani timatabwa tiwiri kumbuyo kuti pakhale mpata wa chala pakati pa chithunzi ndi khoma, ndipo khomalo lisakhale loomba dzuwa kapena lomwe chiswe chinayendapo. Chiswe chikapeza chiguduli, thonje ndi thabwa pamalo amodzi, ndiye mwachikonzera phwando.

Aphunzitsi a ku Kapata

Zikomo kwambiri nonse, timatabwa toyesera tadulidwa kale. Mafunso awiri otsala. Mtsiro woyera ukusowa pafupi, koma njereza ili m'sitolo iliyonse ya zomangira. Kodi singayeretse dongolo? Nanga dongo lakuda bii ngati la m'zithunzi zina za Burri amalipeza bwanji? Ndiponso anyamata aona zithunzi za Burri atagwira chowotchera kutsogolo kwa pulasitiki, ndiye akuumirira kuti nawonso ayese.

aTembo, Katete

Njereza ayi, aphunzitsi. Ndi yaukali, ndipo ukali umenewo umawononga guluu woyerayu: nthawi zina chisakanizo chimaundana pomwepo ngati chambiko, nthawi zina chimaoneka bwino koma pakatha milungu chimayamba kufumbutuka. Imawotchanso manja ndi maso a ana. Choyeretsa chofatsa ndi ufa wa choko, womwe ungalowe m'malo mwa gawo limodzi mwa magawo atatu a dothi. Dziwani kuti choko sichikhwinyata, ndiye chikachuluka ming'alu imachepa. Njira yachidule ndi kulisiya dongo ling'aluke ndi mtundu wake, likauma mulipake penti yoyera ya madzi ya pakhoma yosungunula theka ndi theka, kawiri, ndi burashi yosanyowa kwambiri, kuti isadzaze ming'alu. Mkati mwa ming'alu mukatsala mofiirira, zimakongola kuposa kuyera ponseponse.

Chakuda chimachokera ku oxide wakuda uja amathira mu simenti ya pansi, supuni imodzi pa masupuni khumi a dothi, kusakaniza zili zouma. Makala osinja amaoneka akuda ali onyowa koma akauma amatuwa ngati phulusa. Mwaye wa kukhitchini ndi wakuda bwino, koma umakana madzi n'kumayandama. Uyambeni mwaupondaponda ndi kadontho ka sopo wa madzi usanalowe m'chisakanizo.

aJere, Mtenguleni

Za moto, anyamatawo auzeni kuti pulasitiki ayi. Mitundu ina, monga ya mapaipi ndi matenti ena, ikapsa imatulutsa utsi wa asidi wowotcha m'mphuno ndi m'mapapo, ndipo poiyang'ana simungadziwe kuti iyi ndi iti. Yopyapyala ya m'masitolo imadontha ikuyaka, ndipo dontho lake likagwera pakhungu limamatirira n'kumapitiriza kuwotcha.

Ngati akufuna kuphunzira zomwe lawi limachita, Burri yemweyo anayambira pa mapepala ndi timatabwa topyapyala. Tengani pepala lokhuthala la khaki, la matumba a simenti lija mutalipukuta bwino, kapena khungu limodzi losendeka pa plywood yakale yosapakidwa penti. Ntchito ichitikire panja, pa dothi losesa, kopanda mphepo, kutali ndi udzu, ndowa ya madzi ndi nsanza yonyowa zili pambali, mwana mmodzi pa nthawi, wamkulu ataima pomwepo. Lembani ndi burashi ya madzi malire a pomwe moto uyenera kuthera, chifukwa lawi likafika ponyowa limaima. Kandulo ikwanira. Pepala ligwiridwe ndi chopanira, lawi likhale pansi pake masentimita awiri kapena atatu kuti liyambe ladetsa lisanaboole, ndipo bowo likafika pomwe mukufuna, likanikizeni ndi nsanza ija. Mlomo wopsawo ndi wosachedwa kuyoyoka, ndiye ukazizira udontheze guluu wosungunula m'madzi asanu ndi nsonga ya burashi, osaukhudza, uume, kenako mumate pepalalo pa thabwa lopakidwa kale loyera kapena lakuda. Chiguduli chisayandikire pamalopo n'komwe: chimanyeka mwakachetechete mkati mwa ulusi, ndipo chimatha kudzuka moto patapita ola anthu atalowa m'kalasi.